A Musataye ndi Tipoti ya Akazi Awo

Ku khitchini ya hotela komwe Mayi Sagwetsa atsukako mbale kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, mukakafunsa dzina lawo lenileni anthu adzangoyang'anizana. Dzina loti Sagwetsa anawapatsa ndi mkulu wa ophika wakalekale, ataona kuti chaka chathunthu chatha mayiwo asanabenthule ngakhale kamlomo ka kapu. Anzawo onse anali ndi milandu yawo. Uyu wagwetsa thireyi yonse ya matambula, uyu wagunditsa mbale kumpopi, ndipo aliyense akafunsidwa yankho linali lomwelomwelo: "Sopoyu ndi woterera, bwana." Mayi Sagwetsa akamva mawu amenewo ankangotsonya. Kodi sopo analekapo liti kuterera? Munthu wodziwa ntchito amagwira mbale ndi manja awiri, maso ali pa mbale, osati pa miseche.

Ndiye taonani mmene Mulungu amaphatikizira anthu ake. Mayi wosagwetsa mbaleyu anakakwatiwa ndi mwamuna woti akamva mbale ikuti phwaa kwa aneba, amasiya chakudya n'kuthamangira komweko, chitini chili m'manja.

Amuna awowo ndi aja okonza maambulera ndi mazipi a zikwama, okhala pa kampando kafupi m'mbali mwa khoma la sitolo ya mankhwala, pafupi ndi pokwerera mabasi. Nawonso dzina lawo lenileni linafera m'njira. Munthu akabwera ndi ambulera yotheratu, nthiti zili pamtunda ngati galu wanjala, n'kunena kuti, "Ngati sizitheka ndingokataya," iwo ankadzambatuka pa kampando kaja ngati amva uthenga wa maliro. "Musataye, mayi! Musataye!" Basi, dzina linamera pomwepo.

Maambulera ndiwo ankabweretsa kangachepe ka mchere ndi sopo, makamaka nthawi ya mvula. Koma mtima wa bambowo unali pa zina. Ankapanga zithunzi za anthu pomata zibenthu za mbale, za makapu, za mabotolo ndi za matailosi. Penti sanagulepo, ndipo akanagula ndi chiyani? Matabwa awo anali zitseko za makabati otha, zomwe akalipentala ankafuna kusonkhera moto. Chomatira ankachipeza pokung'untha matumba a simenti otayidwa pamalo omwe anthu akumanga, n'kusakaniza fumbilo ndi mchenga wosefa pa chidutswa cha neti ya udzudzu. Zibenthuzo ankazidula ndi pulayazi wa maambulera yemweyo, kenako n'kuzinola pa sitepe ya khonde mpaka zitasiya kucheka. Sitepeyo inachita kukumbika pakati, ndipo eni nyumba akabwera ankangoiyang'ana n'kupukusa mutu.

Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, koma theka lake linali la zitini. Zibenthu zoyera zinkakhala m'chitini cha penti, zobiriwira m'cha mkaka, zamaluwamaluwa m'cha mafuta ophikira. Zofiira, popeza n'zosowa, zinkagona m'kabotolo pansi pa bedi ngati mankhwala, ndipo kabotoloko sikankadzaza, kaya chifukwa chiyani. Ana awo awiri anakula akudziwa kuti m'nyumba ya bambo awo sayendamo wopanda nsapato. Mayi Sagwetsa ankadandaula m'mawa, masana ndi madzulo kuti anakwatiwa kudzala, koma poweruka kuntchito sankaiwala kandowa ka zoswa anzawo.

"Ndikungopulumutsa otola zinyalala kuti asachekeke," ankatero akafunsidwa.

A Musataye anali ndi lamulo limodzi lomwe sankaliphwanya zivute zitani: chamoyo sitiswa. Mbale yathunthu, ngakhale ya mng'alu, bola ikulandirabe chakudya, kwa iwo inali yamoyo. Chaka china anasowa zabuluu zomalizira thambo pa chithunzi china. Mnzawo wometa tsitsi, wa kashopu koyang'anizana ndi khoma lija, anafuna kuthandiza. "Kwathu kuli mbale yabuluu, achimwene. Tingoimenyetsa pansi, nkhani yatha." A Musataye anamuyang'ana ngati wanena kuti akaphe munthu, ndipo sanalankhulane sabata ziwiri. Thambo lija linadikira miyezi isanu ndi itatu, mpaka mayi wina wa pafupi anapunthwa ndi mbale ya mtundu womwewo. Mayiyo akudandaula mbale yake, bambowo ankatola zibenthu akuimba mluzu, moti akazi awo anachita kukapepesa.

Pa zaka zonsezi anajambula anthu ambirimbiri. Wometa uja anamujambula ali ndi chipeso kukhutu, ndipo chithunzicho chili m'shopu mwake mpaka lero. Anajambula kondakitala wina wochoka dzino lakutsogolo, ana awo onse awiri, eni nyumba pofuna kuwaiwalitsa za sitepe, agalu a eni nyumba motsatizana mmene ankafera, komanso mayi wogulitsa nthochi pokwerera mabasi, yemwe anamujambula kawiri. Kawiri! Ankati chifukwa zachikasu sizisowa. Ogula anali a apo ndi apo. Bwana wina wa galimoto yaikulu anaimapo tsiku lina n'kufunsa mtengo wa chithunzi cha kondakitala, ndipo bambowo, atamva kuti bwanayo akugwetsa bafa yake yakale, anapempha matailosi osweka m'malo mwa ndalama. Anafika kunyumba ndi wilibala yodzaza, akumwetulira ngati wapha njovu, ndipo tsiku limenelo mayiwo anawapatsa chakudya osawayang'ana kumaso.

Koma nkhani imene inkawadya Mayi Sagwetsa mumtima ngati chiswe sinali ya matailosi. Amuna awo anajambula aliyense, mpaka zinyama, koma iwo ayi. Anafunsapo kamodzi kokha, mwana woyamba ali kumsana, bambowo atangomaliza galu woyamba wa eni nyumba. Ndipo anafunsa mozungulira.

"Kodi bambo, kuti munthu ajambulidwe m'nyumba muno, mpaka akhale ndi mchira?"

"Zipangizo sizinapezeke, amayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kuyambira tsiku limenelo analumbira kuti sadzafunsanso. Iwo sanali munthu wopemphetsa chikondi ngati mchere kwa aneba. Komabe akaima pagalasi kumanga duku, ankadziyang'ana nthawi yaitaliko. Mwina ndi mphunoyi. Mwina ndi masayawa. Zinkawapweteka, tisabise. Munthu umusenzere zibenthu zaka zonsezi, iye n'kumaona kukongola pa galu?

Chinthu chimodzi chokha m'nyumbamo n'chomwe chinali kutali ndi manja a bambowo. Inali tipoti yadothi, yofiirira moderako, yonyezimira, imene azakhali a Mayi Sagwetsa anawapatsa pa tsiku la ukwati. Azakhaliwo ndi amene anawalera makolo atamwalira, ndipo nawonso atatsikira kuli chete, chawo chomwe chinatsala ndi tipotiyo basi. Inkakhala m'kabati ya galasi pabalaza, kiyi wake ali pa kachingwe m'khosi mwa mayiwo. Ankati ndi ya alendo olemekezeka. Alendo anabwera ndithu: abusa, mkulu wa ophika, makolo a mkamwini wawo atavala masuti, koma wolemekezeka mokwanira sanapezeke. Kamodzi pa mwezi ankaitulutsa, kuitsuka, kuipukuta, n'kuibwezera. Nthawi zonse akamatero, a Musataye ankasiya ntchito n'kudzaima pakhomo la khitchini atasolola khosi.

"Bwanji lero timwereko tiyi m'menemo, amayi?"

"Ndinu mlendo inu?"

"Ayi. Kungoti chinthu chimafuna chizigwira ntchito. Chizitengedwa, chiziikidwa, chizitengedwanso..."

"Kuti chigwe?"

Bambowo ankangokanda m'mutu n'kubwerera kukhonde.

Chaka chatha ndi pamene zinthu zinayamba kusintha. A Musataye anayamba kupunthwa pa zitini zawo zomwe, zimene anazizemba zaka makumi atatu osazikhudza. Wometa anadandaula kuti mnzake wayamba matama, akumudutsa pambali osapereka moni. Tsiku lina njinga inawagunda paphewa, iwo n'kumati yangotulukira. Mwana wawo wachisamba, wamkazi, yemwe anatengera pakamwa pa amake, sanafune zokambirana. Anawakokera kuchipatala cha maso onse awiri. Adokotala anaunika, anaunikanso, kenako anaika katochi kawo pa tebulo pang'onopang'ono. Anati si ng'ala yoti angapale. Ndi nthenda ya mkati mwa diso, imene imadya kuona kuyambira m'mbali, moti munthu amatsala akuona ngati akusuzumira m'paipi, ndipo paipiyo imanka nichepa. Mankhwala odontheza angachedwetse, koma sangabweze zomwe zapita. Mwina kwatsala chaka, mwina osakwana.

M'basi pobwerera, Mayi Sagwetsa anagwira dzanja la amuna awo, misozi ili lengelenge. Ankadikira kuti bambowo anenepo mawu, alionse. Basi itakhota pa sitolo ya mankhwala m'pamene iwo anausa moyo.

"Ndiye kuti ndifulumire," anatero. "Mphaka wa ometa uja sindinamalize mchira."

Mphaka! Mayiwo analisiya dzanja lija n'kuyang'ana pawindo. Apa ndiye anadziwa kuti zatha basi: maso a amuna awo adzatsekeka atasunga agalu, mphaka ndi nthochi, koma nkhope yawo ayi. Chinawawawa koposa n'choti chisoni cha amuna awo ndi nsanje ya mphaka zinkalimbirana malo mumtima umodzi, ndipo anachita nazo manyazi.

Adokotala anali atalamula kuti m'nyumba musakhale zopunthwitsa. Choncho Lachitatu, lomwe ndi tsiku lawo lopuma, bambowo atapita ku maambulera, mayiwo anamanga nsalu m'chiuno. Anasanja zitini zonse kukhoma, anatulutsa mawaya ndi zigwiriro, kenako anakankha kabati yaikulu ya zovala, imene sinasunthepo chilowereni m'nyumbayo. Kuseri kwake kunagwa chinthu chachitali, chokulunga m'nsalu zakuda za maambulera akale.

"Nanga izinso ndiye ziti?" anang'ung'udza, akumasula.

Chinali chitseko cha kabati. Pa chitsekopo panali mkazi atanyamula ambulera yofiira, atavala diresi lobiriwira la kolala yoyera. Mayi Sagwetsa anangopezeka akhala pansi. Diresi limenelo analidziwa. Ndi lomwe anavala tsiku limene azakhali anawatuma kukakonzetsa ambulera, n'kukapeza mnyamata wowonda ngati nthiti za ambulerayo akuti musataye, musataye. Zofiira zija zinkasowa m'kabotolo, kani zinkathera apa! Mabatani analipo, ndolo zinalipo, ngakhale kalamba ka m'chiuno. Koma pankhope, pakhosi ndi padzanja panali thabwa lokhalokha la mizere ya pensulo.

Anachikokera kuwindo kuti aone bwino. Mizereyo sinali ya tsiku limodzi. Pansi penipeni pankaoneka nkhope yowonda ya mtsikana, yofufuta. Pamwamba pake panali ina ya masaya odzaza, nayonso yofufuta. Yomaliza inali ndi makwinya awiri pamphumi, komanso chibwano chachiwiri chomwe iwo ankayesa kuti palibe akuchiona. Tsitsi linali la zibenthu zakuda, koma apa ndi apo zakudazo anachita kuzizula n'kumatapo zoyera, zina zomatidwa kalekale, zina dzulodzuloli. Munthu uja ankawakalambitsa pa thabwa chaka ndi chaka, kuseri kwa kabati. Anayamba kuwerenga zoyerazo, misozi ikugwera pa diresi lobiriwira, ndipo atafika pa makumi anayi analeka.

"Wabodza iwe," anatero. "Imvi zanga sizinafike pamenepa."

Madzulo a Musataye anapeza chitsekocho chitatsamira pa tebulo, akazi awo atakhala pambali pake, manja atapinda pachifuwa. Anaima pakhomo n'kuyendetsa mutu uku ndi uku, monga ankachitira masiku amenewo kuti aone chinthu chonse. Atazindikira, anavula chipewa.

"Amayi, zimenezo sizinathe."

"Ndaona kuti sizinathe. Ndili ndi maso ine." Atangotero anadziluma lilime, koma mawu anali atatuluka kale. "Nkhope yanga ili kuti, bambo? Agalu munawapatsa nkhope. Wa nthochi munampatsa ziwiri."

"Ndinakuuzani kale. Zipangizo."

"Zaka makumi atatu ndi ziwiri tili m'banja! Ndowa zingati ndakusenzerani ine?"

Bambowo anapapasa mpando n'kukhala, chipewa chili pabondo. "Ndinayesa zonse, amayi. Mabotolo a mowa ndi akuda kwambiri, ndiponso amaonekera mkati. Inu simuonekera mkati. Miphika ya maluwa ndi yofiira ngati njerwa. Matailosi ndi ozizira, alibe moyo. Wa nthochi ndinangomumata za mabotolo, akanadandaula ndani? Koma inu..." Anatembenuza mutu pang'onopang'ono mpaka paipi yawo ija inakaima pa kabati ya galasi. "Mtundu wa nkhope yanu ndinauona malo amodzi okha. Tsiku la ukwati lija, mutainyamula pafupi ndi tsaya."

Mayiwo anagwira kachingwe ka kiyi m'khosi mwawo.

"Tipoti ya azakhali?"

"Ndinkati chinthu chadothi, tsiku lina chidzagwa chokha. Zonse zimathera pomwepo. Ndinangoiwala kuti ndinakwatira Sagwetsa."

"Ndiye zija munkati timweremo tiyi zija?"

"Sindinanenepo kuti igwe. Ndinkangoipatsa mpata."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndikanakuuzani, mukanachita chimodzi mwa ziwiri. Mukanakaibisa kwa mwana, kapena mukanaiswa dala. Ndipo mukanaiswa dala, ine sindikanaigwira. Chamoyo sitiswa, amayi. Komanso ndi ya azakhali."

Koma abale, amuna ena! Munthu kudikira zaka makumi atatu kuti mkazi wosagwetsa agwetse, ali phee, mpaka maso kumuthera. Komanso tinene chilungamo, mlandu suli mbali imodzi. Safunsa anadya phula. Mayiwo akanafunsa kachiwiri, mosazungulira, bwenzi atadziwa kalekale kuti vuto si mphuno yawo.

Mayi Sagwetsa sanawalankhule amuna awo masiku atatu. Ankaphika, ankawadontheza mankhwala m'maso m'mawa ndi madzulo, koma mawu ayi. Poweruka ankadzera m'masitolo a ziwiya kufunafuna tipoti ina yoti ife m'malo mwa ya azakhali. Zinalipo zachitsulo, zapulasitiki, ndi zoyera zamaluwa. M'sitolo yachisanu anapeza yofiirira, n'kuinyamula pafupi ndi tsaya, akudziyang'ana pa galasi la shelefu, mpaka wogulitsa anafunsa ngati dzino likuwawawa. Sinafanane n'komwe. Inali ngati dothi la chulu. Bambo aja, ngakhale maso akuwathera, sananame.

Anaganizanso zoitana mnzawo wina wa kuntchito, katswiri wa "sopoyu ndi woterera," kuti adzawathandize kutsuka kunyumba. Ameneyo sakanachedwa nayo. Koma akaganiza za tipoti ya azakhali ikufera m'manja mwa munthu wamiseche, mtima unkakana. Akamatsuka mbale za kuhotela ankaona manja a azakhali awo akukulunga tipotiyo m'nyuzipepala, akunena kuti, "Usamale mwanawe, ilibe inzake." Anaisamaladi. Koma akusungira ndani? Mwana wawo anali ataneneratu kuti zadothi zakalekale sazifuna, ali ndi fulasiki. Ndipo m'mawa wina anaona a Musataye akufufuza kapu yawo ya tiyi ndi dzanja pa tebulo ponse, kapuyo ili pompo, pambali pa chigongono.

Lachitatu lotsatira anavula kachingwe kaja m'khosi.

"Bambo, lero musapite msanga. Kwabwera mlendo wolemekezeka."

"Ndani?"

"Khalani pansi, musachulutse mafunso."

Anapanga tiyi m'tipoti ya azakhali, koyamba chiilandirireni, ndipo anamwa awiriwiri pakhonde dzuwa likukwera. Tiyiyo ankamveka fungo la m'kabati, koma a Musataye anamwa makapu atatu osadandaula.

Atatha, mayiwo anatulutsa beseni n'kuliika pakhonde pomwepo, pa simenti, osati m'khitchini monga mwa masiku onse. Anathira sopo woti n'kutsukira mbale za hotela yonse. Ndiye vuto linayambira apa, chifukwa manja anakana. Anamasula zala, tipoti inatsetsereka, koma dzanja lamanzere linaiwakha lokha isanafike m'maondo. Anayesanso. Inagwera m'beseni, madzi n'kuwathovukira kumaso, iyo osabenthuka n'komwe. Ulemu wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi suchoka m'manja tsiku limodzi. Nthawi yonseyi bambowo anali atatembenuzira mpando kumsewu, ali kalikiliki kuwongola nthiti ya ambulera yomwe inali yowongoka kale.

Kachitatu mayiwo anaimirira. Anaikweza mpaka pachifuwa, anatsinzina, n'kunena chamumtima kuti, "Azakhali, mundikhululukire." Kenako anaponya manja onse awiri kumbuyo ngati mwana wa sukulu pa mzere.

Phwaa!

A Musataye sanathamange monga ankachitira kwa aneba. Anaika ambulera pansi, n'kufunsa asanacheuke.

"Yagwa yokha, amayi?"

"Yagwa yokha."

"Ndithu?"

Mayi Sagwetsa anayang'ana zibenthu zija pa simenti. Mawu amene anawanyoza moyo wawo wonse anatuluka okha. "Sopoyu ndi woterera, bambo."

"Eee," anavomera bambowo. "Sopo wa masiku ano ngoopsa."

Apo mayiwo analira, kulira kwenikweni kosabisa, pakuti zinali ngati azakhali apitanso kachiwiri. A Musataye anawasiya alire. Anagwada n'kumasesa pa simenti ndi zikhato, chifukwa tsache limataya tating'onoting'ono. Chivundikiro chokha n'chomwe chinapulumuka, popeza chinatsala pa thireyi. Atachipeza anachipukuta ndi malaya n'kuchiika m'manja mwa akazi awo.

"Ichi n'chamoyo. Kabwezereni m'kabati."

Ntchitoyo inatenga miyezi iwiri. Ankagwira m'mawa, dzuwa likamamenya pakhonde, pakuti likapendeka maso ankachita chifunga. Mphaka wa ometa anatsala wopanda mchira, ndipo alibe mpaka lero. Lachitatu lililonse mayiwo ankakhala pa ndowa yovundikira moyang'anizana ndi amuna awo, atavula duku. Bambowo sankathanso kuona nkhope yonse nthawi imodzi. Ankayang'ana diso limodzi, n'kupita pa thabwa. Ankayang'ana kumapeto kwa mlomo, n'kupita pa thabwa. Pomwe maso akanika ankatambasula dzanja n'kupapasa tsaya, zala zili simenti yokhayokha.

"Mukundidetsa."

"Musalankhule, chibwano chikusuntha."

"Chiti? Paja munandipatsa ziwiri."

Tipoti ndi kanthu kakang'ono, ndiye panalibe chotaya. Mimba yake inathera pamasaya ndi pamphumi. Pansi pake, pomwe panali poderako, panapita pakhosi. Mlomo wake anaudula tizidutswa n'kupanga zala. Chogwirira anachitembenuza m'manja masiku awiri, akuchimvera chisoni kuchidula, ndipo pomaliza anangochimata chonse kuti chikhale khutu.

Tsiku lomaliza anapukuta chithunzicho ndi kansanza konyowa, n'kubwerera m'mbuyo mapazi atatu monga ankachitira kale akamaliza ntchito. Anayendetsa mutu kumanja, kumanzere, m'mwamba, m'munsi. Kenako anangoima, kansanza kali m'manja.

"Amayi, ndiuzeni ndinu. Akufanana nanu?"

Mayi Sagwetsa anayang'ana. Diso lina linali m'mwamba pang'ono kuposa linzake. Mphuno inapendekera kumanzere. Khutu linali loti n'kukolekapo chikwama. Koma mtundu wake! Anaika dzanja lawo pambali pa dzanja la pa thabwa, ndipo panalibe kusiyana. Mkazi wa pachitsekoyo ankayang'ana ngati munthu amene akufuna kukalipa koma kuseka kwamutsogolera. Iwo sankadziwa kuti amaoneka choncho, ndiponso sankadziwa kuti pali munthu amene wakhala akuziona zaka zonsezi.

"Ndine ndemwe," anatero. "Koma za khutulo mukayankha kumwamba."

Kuhotela anakaulula okha kuti agwetsa tipoti, koma palibe anakhulupirira, ndiye dzina lija lidakalipo. Chivundikiro chili m'kabati ya galasi, ndipo kiyi anabwerera m'khosi. Paipi ija masiku ano yatsala ngati kabowo ka singano. M'mawa uliwonse mayiwo amawaperekeza amuna awo mpaka pa khoma la sitolo ya mankhwala, komwe amakonzabe maambulera ndi zala zokha, wometa akuwaponyera diso kutsidya kwa msewu. Zithunzi zina zonse m'nyumbamo zili m'mwamba, koma ichi anachikhomera m'munsi, pambali pa chitseko, pomwe dzanja limafika. Potuluka ndi polowa a Musataye amaima pamenepo n'kuyendetsa zala pamphumi, pamphuno ndi patsaya, moti tsayalo layamba kunyezimira kuposa pena paliponse.

Lachitatu lapitali mayiwo anatuluka m'khitchini ndi mbale m'manja n'kuwapeza ali pomwepo. Anaima kanthawi akuwayang'ana.

"Bambo," anatero, "mwini wake wa tsayalo ndili pano."

A Musataye anatembenuka, dzanja lili m'malere, likufufuza. Mayi Sagwetsa anaika mbale ija pa tebulo, bwinobwino, ndi manja awiri, n'kusendera pafupi.